Mwana wanga akufuna kuona nyama, koma pakhomo pathu pali mango umodzi basi

Mayi wina wa ku Area 25 walemba motere: "Mwana wanga wamwamuna wa zaka 9 wayamba kukonda za nyama. Tsiku lililonse amandiumiriza kuti tipite ku Liwonde kapena ku Kasungu, koma ndalama ya ulendo wotero ndilibe. Timakhala nyumba ya lendi, mpanda wa njerwa, bwalo laling'ono, mtengo wa mango umodzi ndi kadimba ka mpiru kuseri. Kodi pamalo ngati amenewa pali choti mwana n'kuona? Chinanso, mwanayu ali ndi legeni, ndipo masiku ano kadzidzi wayamba kutera padenga pathu usiku. Aneba akuti timuthamangitse. Ndichite bwanji?"

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Pakhomo panupo pali zamoyo zambiri zoti mwana wanu sangazimalize kuziwerenga chaka chino chonse, ndipo sindikunena izi pongofuna kukupepesani chifukwa cha ndalama ya ku Liwonde. Ndakhala ndikuyang'ana mbalame ndi tizilombo mu Lilongwe muno kwa zaka zambiri, ndipo zochuluka zimene ndimadziwa ndinaziphunzirira kuseri kwa nyumba, nditakhala pa kampando, tiyi ali m'manja. Njovu ndi mvuu adzaziona nthawi yake ikadzakwana. Koma mwana amene waphunzira kuyang'ana pumbwa wa mumtengo wa kwawo ndiye amene adzapindule akadzafika ku Liwonde, chifukwa maso ake adzakhala atazolowera kudikira.

Mzinda wathu uli ndi mwayi umene ambiri sitiuzindikira. Mitsinje iwiri, Lilongwe ndi Lingadzi, imadutsa mkati mwenimweni mwa tauni. Pomanga likulu, limene linasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, anasiya nkhalango pakati pa Old Town ndi City Centre, ndipo m'malokeshoni ambiri mudakali madambo ngakhale akunka nachepa chifukwa cha nyumba ndi njerwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda muno, komabe mbalame sizinatithawe. Zimayenda kuchoka m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, kudutsa m'madambo, n'kumapuma m'mitengo ya pakhomo ngati mango wanuyo. M'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo munthu wodekha akhoza kuona mitundu makumi angapo asanatuluke pageti.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine mwambi umenewu ndimakonda kuuphunzitsa ana monga momwe uliri. Mvula ikagwa, nkhono zikuluzikulu zija zimakwera m'mipanda ya njerwa. Mwana atole imodzi, aiike pa tsamba lonyowa, akhale pansi phee. Poyamba imabisala m'chigoba. Pakapita kanthawi imatulutsa mutu, kenaka nyanga zinayi zimafutukuka pang'onopang'ono ngati munthu akutembenuza sokosi. Ziwiri zazifupi za m'munsi ndi zofufuzira ndi kununkhizira. Ziwiri zazitali za pamwamba zili ndi kadontho kakuda kunsonga kwake, ndipo kadontho kameneko ndiye diso. Akangogwedeza chala, maso aja abwerera mkati, ayambirenso kudikira. Mwana amene wadikira mpaka kuona kadontho kameneka wagwira kale phunziro lalikulu. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, chifukwa nkhono zimatha kunyamula tizirombo toyambitsa matenda.

Ndi mbalame n'chimodzimodzi. Musankhe malo amodzi, mwina pakhonde kapena pafupi ndi khitchini pamene mtengo wa mango ukuoneka bwino, ndipo mwana azikhala pomwepo nthawi yofanana tsiku lililonse, mphindi 15 kapena 20. Nthawi yabwino ndi m'mamawa. Mu Novembala ndi Disembala kunja kumakhala kutayera 5 koloko ikamakwana, ndipo mbalame zimayamba kuimba kudakali kamdima. Nthawi yachisanu, mu Juni ndi Julayi, zimachedwerapo mpaka cha m'ma 6 koloko. Asamaloze ndi chala, asamadzambatuke, asamayankhule mokweza. Masiku awiri oyamba adzadandaula kuti palibe chikubwera. Mumulimbikitse, chifukwa mbalame zimayamba zamuyesa kaye munthu. Zikaona kuti chinthu chakhala pakhondecho sichiponya mwala, zimayamba kumutenga ngati mtondo kapena ndowa.

Woyamba kumudziwa adzakhala pumbwa, wa mutu wakuda ndi kachikasu kunsi kwa mchira, amene sasowa pakhomo lililonse la mu Lilongwe. Padzabwera njiwa. Pa waya wa magetsi kapena pa chingwe choyanikapo zovala padzatera nthengu, yakuda bii, mchira wamphanda. Imeneyi mwana aiyang'anitsitse. Imakhala pamalo amodzi, n'kuuluka mwadzidzidzi kukawakha kachilombo m'malere, n'kubwerera pomwe inali. Ndi yaing'ono koma yolimba mtima: khwangwala kapena kabawi akadutsa pafupi ndi chisa chake, imamuthamangitsa n'kumamujompha kumsana mpaka atapita kutali. Imathanso kutsanzira kulira kwa mbalame zina. Mapapaya kapena magwafa akapsa kwa aneba, padzafika apasapasa, a michira italiitali ndi kachisumbu pamutu, amene amalendewera m'nthambi pagulu ngati mbewa. Pansi, pamene mumapetera mpunga kapena kutaya gaga, padzatera timbalame ta pwiti, tina tofiira, tina tobiriwira ngati kumwamba kopanda mitambo. Ndipo ngati pafupi pali zitsamba zowirira, mbandakucha adzamva mbalame ina yoimba mokoma kuposa zonse, imene imayamba motsitsa n'kumakweza mawu pang'onopang'ono. Ndi ya pachifuwa pofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso. M'mabuku a mbalame amaitcha White-browed Robin-chat, koma akafunse agogo ake dzina limene ankaitchula kumudzi.

Chinthu chimodzi chimene chidzasinthe bwalo lanu msanga kuposa china chilichonse ndi madzi. Sipafunika kugula kanthu. Phale la mphika wosweka, chivundikiro cha ndowa kapena mbale yakale ya nsima n'zokwanira, bola zikhale zosazama. Madzi asapitirire mfundo yoyamba ya chala chanu. Muikemo mwala umodzi kuti timbalame tating'ono tizipondapo, komanso kuti njuchi zikagweramo zizitha kutuluka. Muliike pamthunzi, pafupi ndi nthambi zoti mbalame zithawiremo, ndipo mulikweze pa njerwa zingapo chifukwa cha amphaka. Madziwo muzisintha pakapita masiku awiri ndi kutsuka phalelo. Izi musazinyozere: kukatentha udzudzu umatha kukula kuchoka pa dzira mpaka kuuluka m'sabata imodzi ndi masiku ochepa, ndiye sitikufuna kuti poitana mbalame tiitanenso malungo. Ntchito imeneyi ikhale ya mwanayo.

Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba, pamene madambo auma ndipo fumbi lili koboo m'misewu ya kwanuko, phale limeneli limasanduka chitsime cha mudzi wonse wa mbalame. Kwathu ndinaona kuti zili ndi ndondomeko yake. Apumbwa amafika awiriawiri, mwaphokoso, n'kusamba mpaka madzi kuthera pansi. Njiwa imatera patali, imayenda mozungulira kangapo, kenaka imamiza mlomo n'kumwa osadzutsa mutu. Apa mwana aonetsetse, chifukwa mbalame zambiri, ngakhale nkhuku, zimatunga madzi ndi mlomo n'kuyang'ana kumwamba kuti atsike, koma njiwa ndi nkhunda zimayamwa. Timbalame ta pwiti timadikira akuluakulu achoke, ndiye timatsika tonse pamodzi, n'kundandalika m'mbali mwa phale ngati ana a sukulu pa mzere wa phala. Masana dzuwa likaswa mtengo pamabwera njuchi ndi mavu. Madzulo ndinapezapo gulo, wa mutu wabuluu uja, akumwa mogwedeza mutu.

Tsopano ndinene chinthu chimene mwina sichikukomerani. Ife timakonda bwalo losesedwa mbee, ndipo zinyalala timazitentha madzulo. Chikhalidwe chimenechi chili ndi chifukwa chake, pakhomo pamaoneka bwino ndipo njoka ikadutsa imaonekera. Sindikuti musiye kusesa, komanso eni nyumba sangakondwe. Ndikupempha kangodya kamodzi kokha, kutali ndi khomo ndi pamene ana amasewera, mwina kuseri kwa dimba la mpiru lija. Masamba a mango muziwakokera pamenepo m'malo mowatentha. Pakatha milungu ingapo mvula itayamba, mwana akavundukule ndi kamtengo, osati ndi manja chifukwa cha zinkhanira ndi anamkalizi. Adzapeza abongololo, nyongolotsi, chiswe, timphutsi toyera topindika, mwinanso chule atakhala phee. Zimenezi ndizo chakudya cha mbalame yoimba bwino ija ndi abuluzi. Masambawo akaola mudzapeza manyowa a m'dimba lanu.

M'dimbamo musiyeko mitengo iwiri ya mpiru ichite maluwa, ndipo ngati mwadzala maungu, mwana adzuke m'mawa akaone njuchi zikulowa m'maluwa n'kutuluka zitapakika ufa wachikasu. Amuuze wina kuti popanda ulendo umenewu kuchoka ku duwa lachimuna kupita ku lachikazi, dzungu silibereka. Duwa lachikazi amalizindikira ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Poti nyumba ndi ya lendi, zina mukhoza kudzala m'zigubu zodula kuti podzasamuka mudzanyamule. Kamtengo ka ndimu m'chigubu ndi sukulu payokha. Gulugufe wamkulu wakuda wa mawanga achikasu amaikira mazira pa masamba ake anthete. Kambozi kake kakadali kakang'ono kamaoneka ngati chitosi cha mbalame, chakuda ndi choyera, ndipo mbalame zimakadutsa osakazindikira. Kakakula kamasanduka kobiriwira. Mukakakhudza kamatulutsa tinyanga tiwiri kuseri kwa mutu, tonunkha kwambiri. Mwana akhoza kusunga kamodzi m'botolo lotseka ndi kansalu, n'kumakapatsa masamba atsopano tsiku ndi tsiku mpaka katadzimangirira pa kamtengo n'kuuma ngati kafa. Pakapita milungu iwiri kapena kuposerapo, m'mawa wina adzapeza gulugufe akuumitsa mapiko. Amutulutse tsiku lomwelo.

Bwalo lomwelo limasintha ndi nyengo, ndipo ichi ndicho chimakoka mwana kuti asatope. Chilimwe chikamayamba kabawi amatulukira, wa mlomo wachikasu, kuzungulira pamwamba pa nyumba, ndipo amayi oweta anapiye amamudziwa bwino. Amakhala atachoka miyezi yachisanu. Mu Okutobala nyenje zimalira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa. Zolira ndi zazimuna zokha, ndipo zisanamere mapiko zimakhala pansi panthaka kuyamwa mizu. Mwana akafufuze pa thunthu la mango, adzapeza zikhungwa zake zouma zitakakamira, zong'ambika kumsana pamene nyenje inatulukira. Nthawi yomweyo kumafika anamzeze ena ochokera ku Ulaya, timbalame tolemera ngati mabokosi awiri a machesi, titauluka makilomita oposa 7,000 kuthawa chisanu cha kwawo, ndipo timabwerera cha mu Epulo. Ndimafuna mwana aliyense wa mu Lilongwe atadziwa kuti kambalame katera pa waya wa ESCOM kutsogolo kwa nyumba yawo mwina kanabadwira m'khola la ng'ombe ku Germany kapena ku Russia.

Koma tsiku lalikulu pa chaka ndi la ngumbi. Mvula yeniyeni ikagwa, madzulo ake kapena tsiku lotsatira, ngumbi zimafuka ndipo chilichonse chamoyo chimatuluka kudzadya. Nthengu, apumbwa, anamzeze, akhwangwala, kabawi amene amaziwakha ndi phazi n'kudyera m'mwamba momwemo, achule pansi pa babu, analimata pakhoma, mileme kukada, ndi ife anthu ndi mabeseni athu. Mwana atole zake zokazinga, koma mumuuze asiyeko kaye beseni kwa mphindi zochepa ayang'ane pansi. Adzaona ngumbi zitathothola mapiko zikuyenda ziwiriziwiri, ina patsogolo, ina itatsatira pambuyo penipeni. Yapatsogolo ndi yaikazi, yapambuyo yaimuna, ndipo zikufuna pobowola kuti ziyambitse chulu chatsopano. Mwa zikwizikwi zofuka usiku umenewo, zopulumuka ndi zowerengeka. Chulu chachikulu chilichonse chimene amachiona panjira ya kusukulu chinayamba ndi ziwiri zoterezi. M'kati mwa chulu chiswe chimalima bowa wakewake pa zinyalala chimene chatuta, ndipo bowa wa pachulu amene timagula m'misika nthawi ya dzinja amachokera m'munda umenewo.

Mu Januwale ndi Febuluwale ndi nthawi ya mpheta zoluka zisa. Yaimuna, yachikasu ndi nkhope yakuda, ndiyo imang'amba udzu n'kuluka, kenaka imalendewera kunsi kwa chisa ikukupiza mapiko kuitana yaikazi kuti idzayendere nyumba. Ngati palibe yaikazi yavomera, chisa chikauma imachiphwasula n'kuyambanso. Usiku wake, ngati muli pafupi ndi dambo, ziphaniphani zimathwanima. Chisanu chikafika bwalo limakhala zii, koma abuluzi amaothera dzuwa pa mpanda, ndipo mitengo ya muwale ikachita maluwa ake ofiira psuu isanaphuke masamba, kambalame kotchedwa choso, ka mlomo wopindika, kamabwera kudzayamwa timadzi totsekemera.

Mango anu akayamba kupsa mudzalandira alendo ausiku, mileme yodya zipatso. Pali mtundu wina umene waumuna wake umalira "ting, ting, ting" mosalekeza ngati munthu akugogoda kachitsulo, ndipo ambiri amayesa chule. Palinso ikuluikulu yaubweya wachikasu imene imasonkhana ku Kasanka, m'dziko la Zambia, mamiliyoni angapo kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, ndipo mtundu womwewo umaonekanso mu Lilongwe muno. Imadya mango, n'zoona, koma ndi yomweyo imafesa mbewu za mikuyu ndi mitengo ina kutali ndi kumene inadya. Ing'onoing'ono imene imazungulira babu imadya tizilombo touluka. Lamulo kwa mwana likhale limodzi: mleme sagwira ndi manja, wamoyo kapena wakufa, chifukwa ina imakhala ndi matenda a mtundu wa chiwewe. Chipatso chimene mleme waluma asadye.

Tibwere kwa kadzidzi. Sindikufuna kunyoza aneba anu. Tonsefe tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga ndiye kuti pakhomopo pagwa zovuta, ndipo mantha amene munthu anayamwira sachoka ndi mawu amodzi. Koma ndikuuzani zimene ndaona ndi maso anga. Kadzidzi amatera pamene pali makoswe. Ngati wanuyo ndi wa nkhope yoyera yooneka ngati mtima, wolira mokuwa "shriii", ndi uja amakonda kugona m'madenga a matchalitchi ndi m'nyumba zosungiramo katundu. Ngati ndi wamkulu wotuwa, wa tinthenga tiwiri tooneka ngati makutu, wolira "huu, huuu", ndi mtundu wina, koma ntchito yawo ndi imodzi. Denga lanu walisankha chifukwa ndi pokwera pomwe akuonera bwino dzala, ngalande ndi mpanda pamene makoswe amadutsa. Umboni wake mwana akhoza kuupeza yekha. Kadzidzi amameza khoswe wathunthu, kenaka amalavula kampira kotuwa ka ubweya ndi mafupa. Mwana ayang'ane pansi pa malo amene amatera, atole kampirako ndi pepala, akanyowetse m'chitini, akaphwasule ndi timitengo tiwiri. Adzapeza kachigaza ka khoswe ndi mano ake achikasu, tinthiti ndi timiyendo. Zimenezi mukawaonetse aneba, mwaulemu, pa mbale yakale. Ndaonapo bambo wina amene anabwera ndi miyala m'manja akubwerera akupukusa mutu, akuti, "Ndiye kuti ameneyu ndi mphaka wouluka."

Chimene chimapha akadzidzi ambiri m'tauni si miyala yokha koma mankhwala a makoswe, monga temeki amene amagulitsidwa m'timapepala m'misika. Khoswe akadya amayenda mwaulesi, kadzidzi kapena mphaka amamugwira mosavuta, nayenso n'kufa. Ndi poizoni woopsa ngakhale kwa ana ndi agalu. Pakhomo pamene pali mwana wokonda kutolatola zinthu ngati wanuyu, gwiritsani ntchito msampha.

Bilimankhwe nayenso timamunamizira. Alibe ululu, ndipo akatsegula kukamwa n'kumafwenthera amakhala akungoopseza chifukwa iyeyo ndiye ali ndi mantha. Mwana akamupeza asamunyamule, angokhala pambali n'kuona maso ake, lililonse likuyang'ana kwake, mpaka onse awiri atalunjika pa chiwala chimodzi, lilime n'kutuluka lotalika ngati thupi lake lomwe. Nthawi yosavuta kumupeza ndi usiku ndi tochi, chifukwa akagona kunsonga kwa nthambi amayererako ndipo amaonekera pakati pa masamba. Chakumapeto kwa dzinja mukaona wina akukumba pansi, ndi wamkazi akufuna kuikira mazira, ndipo ana ake adzatuluka patapita miyezi yambiri.

Pa njoka pokha sindikufuna mwana achite chidwi chopitirira. Zambiri za pakhomo, monga chakusa wodya makoswe uja, zilibe ululu, koma mu Lilongwe muli mphiri, mulinso mamba wolavula malovu m'maso, ndipo mwana wa zaka 9 sangazisiyanitse. Akaona njoka abwerere m'mbuyo, aitane wamkulu, ndipo njokayo ipatsidwe mpata wothawira. Malovu akalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi yaitali n'kuthamangira kuchipatala. Munthu akalumidwa musateme, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mugoneke, asayendeyende, mupite naye kuchipatala msanga. Afisi nawonso alimo mumzinda muno, amayenda usiku m'mbali mwa mitsinje, ndipo ofufuza a Carnivore Research Malawi akhala akuwatsatira. Mumpanda mwanu sangalowe, koma ndi chifukwa chokwanira choti kuyang'ana kwa usiku kuzichitikira pakhomo, wamkulu ali pomwepo.

Za legeni ndiyankhula ngati munthu amene anali nayo. Ndili mnyamata sindinkaphonya. Tsiku lina ndinagenda choso chili pa duwa, ndipo nditakatola ndinaona kwa nthawi yoyamba kuti nthenga zimene patali zinkaoneka zakuda zinali zobiriwira, zonyezimira ngati mafuta pamadzi, pachifuwa pali pofiira. Kanali kofunda m'dzanja langa, kopepuka ngati tsamba, kopanda ndi nyama yomwe yoti n'kuotcha. Kuwala kuja kunayamba kuzimirira ndikuona. Sindinataye legeni tsiku lomwelo, koma kuyambira pamenepo dzanja linkalemera. N'chifukwa chake ndikuti musamulande mokalipa, adzangopanga ina ndi mphira wa tayala. Mwana wa legeni amadziwa kale kunyang'ama, amadziwa mtengo umene mbalame zimakonda ndi nthawi imene zimabwera, ndipo luso limeneli ndi lomwe woyang'ana mbalame amafuna. Mupangane naye kuti mumpanda mwanu ndi malo ake otetezedwa, iyeyo ndiye mlonda wake, ndipo mbalame yomwa madzi m'phale lake ndi mlendo wake. Mwana sagenda pumbwa amene wamupatsa dzina. Legeniyo azigendera zitini. Mumuuzenso kuti zisa sapasula ndipo ulimbo satchera, komanso kuti kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka munthu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Akapeza nyama yovulala, kapena wina akugulitsa kamwana ka pusi pamsewu, dziwitsani a Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama zakutchire zopulumutsidwa, kapena a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

M'malo mwa legeni mumugulire kope la masamba ochepa ndi pensulo. Pa tsamba lililonse alembe tsiku, nthawi, mmene kunja kunachera, ndi chimene waona. Dzina akapanda kulidziwa ajambule, alembe kukula kwake poyerekeza ndi pumbwa kapena njiwa, mtundu wa mlomo, ndi chimene chinkachita. Zoonera patali n'zodula ndipo pabwalo laling'ono sizifunika kwenikweni. Ngati muli ndi foni yamakono ndi bandulo, pulogalamu ya Merlin Bird ID imathandiza kupeza maina a mbalame, ndipo ya iNaturalist imathandiza pa tizilombo ndi zomera mukajambula chithunzi. Koma foni izibwera pambuyo, iye atayamba wayang'ana yekha. Maina a Chichewa akawafunse kwa agogo, kwa alonda, kwa amayi ogulitsa masamba ochokera ku Mitundu kapena ku Nsaru. Anthu amenewa amadziwa zambiri zimene sizinalembedwe, ndipo maina ena akutha chifukwa palibe akuwafunsa. Afunsenso kusukulu ngati kuli kalabu ya zachilengedwe, poti bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lakhala likugwira ntchito ndi makalabu otere m'sukulu kwa zaka zambiri.

Kope likafika pa mitundu 20, mumupatse mphoto ya ulendo umene mungaukwanitse ndi ndalama ya minibasi. Mupite naye ku nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, kumene kuli Lilongwe Wildlife Centre, mukayende m'tinjira ta m'nkhalangomo m'mawa. Kumeneko akhoza kuona apusi, agwape, mbawala, ng'azi, ndi nantchengwa ndi chisa chake chachikulu chimene chimatha kunyamula munthu ataimapo. Mumtsinjemo muli ng'ona, choncho kumadzi asayandikire.

Koma musadikire zonsezo. Loweruka likubwerali, madzulo, muike phale lija pansi pa mango ndipo mutulutse mkeka. Dzuwa likalowa muzimitse babu la panja, mukhale naye awiri moyang'ana denga, tochi ili m'manja koma yosayatsa. Analimata adzayamba kulira pakhoma, mileme ing'onoing'ono idzadutsa, ndipo ngati mwakhala chete mokwanira, kadzidzi uja adzatera popanda ngakhale phokoso la phiko. Mwana amuunike kamodzi kokha, cha m'mbali, aone ngati nkhope yake ndi yoyera kapena ili ndi makutu, kenaka azimitse. Chimenecho alembe pa tsamba loyamba.